Batala wopanda mkaka: mbiri ya pear ndi cranberry mumphika umodzi

Kuyambira mwezi wa Okutobala mpaka pa Khirisimasi, m'masitolo a ku America, Canada ndi Britain mumaoneka timatumba ta tizipatso tofiira, tolimba, totchedwa cranberry. Pafupi pomwepo pamakhala milu ya zipatso zina zotchedwa pear. Tiyambe tamvana kaye pa dzinali, abale, chifukwa lasokoneza ambiri. Kwathu tikati peyala timanena chipatso chamafuta chija chokhala ndi nthangala imodzi yaikulu, chimene Angerezi ankachitcha avocado pear, ife n'kungotolapo mawu omalizawo. Pear amene tikunena pano ndi wina. Ndi mbale wake wa apozi, wotsekemera, wamadzi ambiri, wonenepa kumunsi koma wowonda kumwamba. M'nkhani ino tizimutcha pear kuti tisasocheretsane.

Zipatso ziwirizi zikaphikidwa limodzi pa moto wochepa kwa maola angapo zimasanduka phala lolimba, lofiirira, limene kuno amalitcha batala wa zipatso. Mulibemo mkaka ngakhale dontho. Dzinalo linabwera chifukwa amapakidwa pa buledi mofewa ngati batala. Amasiyana ndi jamu: jamu amadalira shuga wambiri ndipo amapsa msanga, pamene batala wa zipatso amadalira nthawi. Madzi amauluka pang'onopang'ono mpaka kutsala shuga wa chipatso chomwecho.

Kaphikidwe kameneka sikanayambe ngati chakudya cha anthu olemera. Kanayamba chifukwa choopa njala. Kumpoto kwa Ulaya mitengo imabala kamodzi pa chaka, zipatso zonse n'kupsera nthawi imodzi, kenako kumabwera miyezi ya chisanu imene m'munda simutuluka kanthu. Amene anaonapo mango akuolera pansi pa mtengo mu Disembala, miyezi iwiri pambuyo pake m'nyumba mulibe chodya, akulidziwa vutoli. Shuga wosungira zipatso anali wodula kwambiri, pakuti kwa zaka mazana ambiri ankachokera kutali, ndipo wochuluka ankalimidwa ndi akapolo a ku Africa m'minda ya nzimbe ya ku Caribbean ndi ku Brazil. Ku Britain jamu anafika pa tebulo la munthu wamba boma litachotsa msonkho wa shuga mu 1874. Zisanatero, mlimi wosauka anali ndi zinthu ziwiri zokha: nkhuni ndi kupirira. Choncho ku Germany ankaphika Latwerge, ku Poland powidła, ku Netherlands appelstroop, ndipo ku Belgium mpaka lero amagulitsa sirop de Liège wopangidwa makamaka kuchokera ku pear ndi apozi.

Majeremani atayamba kusamukira ku Pennsylvania, kuyambira pamene anakhazikitsa mudzi wa Germantown mu 1683, ananyamula luso limeneli. Kumeneko linasanduka ntchito ya mudzi wonse. Usiku anthu ankasonkhana kusenda maapozi, m'mawa n'kutereka mphika waukulu wamkuwa panja. Ankatakasa ndi mthiko wautali kwambiri wokhota kumapeto, kuti wotakasayo aime patali ndi utsi ndiponso phala lothovoka lisamutenthe. Kusiya kutakasa ngakhale pang'ono kunali kupsereza ntchito ya tsiku lonse, n'chifukwa chake ankalandirana mthikowo kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Mutu umodzi susenza denga. Batalayo ankamusunga m'mitsuko yadothi yovindikira ndi pepala, ndipo banja linkadya mpaka zipatso zina zitapsa.

Pear nayenso ndi mlendo ku America. Kwawo kwenikweni ndi ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, ndipo Aroma ankadziwa kale mitundu yake yambirimbiri. John Endecott, mmodzi wa abwanamkubwa oyambirira a Massachusetts, anadzala mtengo wa pear pamunda wake, pamalo pamene lero pali tauni ya Danvers, chaka cha 1650 chisanafike. Mtengowo ulipobe. Wapulumuka mphepo zamkuntho zingapo, ndipo mu 1964 anthu oononga anaudula nthambi zonse n'kusiya thunthu lokha, koma unaphukanso.

Mtundu wa pear wotchuka kwambiri uli ndi mbiri yoseketsa. Unapezeka m'mudzi wa Aldermaston ku England cha m'ma 1760, m'munda wa mphunzitsi wina dzina lake Stair. Wogulitsa mbande wotchedwa Williams anaufalitsa, choncho unadziwika kuti Williams' Bon Chrétien. Mitengo ina inatumizidwa ku Roxbury, pafupi ndi Boston. Mu 1817 Enoch Bartlett anatenga munda umene munali mitengoyo, ndipo posadziwa dzina lake anangoipatsa lakelo. Pamene zinadziwika mu 1828 kuti ndi mtundu womwewo wa Williams, dzina la Bartlett linali litamera kale mizu. Ndiye inu a ku America mukagula Bartlett, a ku Britain mukagula Williams, a ku South Africa mukagula Bon Chrétien wa ku Ceres, dziwani kuti nonse mwagula chipatso chimodzi.

Pear ali ndi khalidwe limene limamukankhira mumphika. Amathyoledwa ali wolimba, amapsera m'nyumba, ndipo amayamba kupsa kuchokera mkati. Lero ndi mwala, pakapita masiku ochepa wafewa, kenako waola pamtima. Mayi amene anali ndi mtengo umodzi wobala bwino analibe nthawi yoyembekezera. Koma pear payekha ali ndi zofooka ziwiri: kukoma kwake n'kozizira, ndipo alibe asidi wambiri. Apa ndi pamene cranberry amalowera.

Cranberry ndiye mwini nthaka. Amamera m'madambo a mchenga a kumpoto chakum'mawa kwa America, pa timitengo toyanga pansi. Amawawasa kwambiri moti simungadye ambiri osaphika. Amene amadziwa chidede akudziwa pang'ono kakomedwe kake, ndipo si zongoyerekeza: ku Florida chidede ankachitcha Florida cranberry chifukwa ankachiphika m'malo mwa chipatsochi. Anthu a mtundu wa Wampanoag ndi mitundu ina ankatola cranberry Azungu asanafike. Ankadya, kuumitsa, kusakaniza ndi zakudya zina, kupangira mankhwala ndi utoto.

Chaka chilichonse pa Thanksgiving ana a sukulu amauzidwa za phwando la mu 1621 limene Angerezi a ku Plymouth anadyera limodzi ndi a Wampanoag. Zolemba za nthawi imeneyo zofotokoza phwandolo zimatchula mbalame ndi nyama ya agwape, koma sizitchula cranberry. Ndipo nkhaniyo nthawi zambiri imalekezera pamene pakukoma. Pakati pa 1616 ndi 1619 mliri wobwera ndi zombo za ku Ulaya unali utapha kale anthu ambiri a m'mphepete mwa nyanjayo, moti Plymouth inamangidwa pa bwinja la mudzi wa Patuxet. Mu 1675 ndi 1676 kunabuka nkhondo yotchedwa King Philip's War. A Wampanoag anagonja, ambiri anaphedwa, ena anagulitsidwa ukapolo kutsidya kwa nyanja, ndipo malo awo ochuluka analandidwa. Koma sanathe. Ku Aquinnah, pa chilumba cha Martha's Vineyard, amasungabe tsiku la Cranberry Day, Lachiwiri lachiwiri la mwezi wa Okutobala, pamene akulu ndi ana amapita kudambo kukatola zipatsozi monga ankachitira makolo awo.

Kulima cranberry ngati mbewu ya malonda kunayamba cha m'ma 1816. Henry Hall wa ku Dennis, ku Cape Cod, anaona kuti timitengo timene mphepo yatikwirira ndi mchenga tikukula bwino kuposa tinzake. Anayamba kuthira mchenga dala, ndipo alimi amachitabe zimenezi mpaka lero. Minda itakula panafunika manja otola. Ku Massachusetts ambiri mwa antchitowo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1900, anali ochokera ku zilumba za Cape Verde, kumadzulo kwa Africa. Ankagwira ntchito chogwada tsiku lonse m'chinyezi, malipiro ake ochepa. Ena anasunga ndalama n'kudzagula madambo awoawo. Ku New Jersey kunkapita mabanja a Chitaliyana ochokera ku Philadelphia, ndipo mu 1910 wojambula zithunzi Lewis Hine anajambula ana aang'ono akusenza mabokosi a cranberry nthawi imene anzawo anali m'kalasi.

Mu 1912 loya wina, Marcus Urann, anayamba kuika cranberry wophika m'zitini kuti azigulitsidwa chaka chonse. Mu 1930 anagwirizana ndi alimi ena awiri, John Makepeace ndi Elizabeth Lee, kuyambitsa bungwe la alimi limene pambuyo pake linadzatchedwa Ocean Spray. Komabe malonda ambiri ankachitika pa Thanksgiving ndi Khirisimasi pokha, ndipo kuopsa kwake kunaoneka pa 9 Novembala 1959. Tsiku limenelo nduna yoona za umoyo, Arthur Flemming, inalengeza kuti ena mwa ma cranberry a ku Oregon ndi Washington apezeka ndi mankhwala ophera udzu otchedwa aminotriazole, amene ankayambitsa zotupa mwa makoswe oyeserera. Kunali kutatsala milungu iwiri ndi theka kuti Thanksgiving ifike. Masitolo anachotsa zipatsozo, malonda anagweratu, ndipo ngakhale alimi amene sanathire mankhwalawo anataya chaka chonse. Kuchokera pamenepo alimiwo anaika mphamvu pa zakumwa ndipo kenako pa cranberry wouma, kuti asadalirenso mwezi umodzi. M'zaka za m'ma 1960 kunafalanso njira yokolola podzaza madzi m'munda: chipatsocho chili ndi timapanga tinayi ta mpweya mkati, choncho chimayandama. Lero Wisconsin ndiyo imakolola oposa theka la cranberry yense wa ku United States. Koma amene mumagula m'timatumba, oti mukaphike nokha, ambiri amakololedwa pouma kuti asaole msanga.

Chatsala ndi botolo. Nicolas Appert wa ku France anasindikiza mu 1810 njira yosungira chakudya m'mabotolo otsekedwa n'kuwiritsidwa, ngakhale kuti sankadziwa za tizilombo tosaoneka ndi maso. Mu 1858 John Landis Mason analembetsa botolo la chivindikiro chopotokola, ndipo mu 1915 Alexander Kerr anabweretsa chivindikiro cha zigawo ziwiri chimene chikugwiritsidwabe ntchito. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mabotolo amenewa anadyetsa mabanja: ku America shuga anayamba kugulitsidwa mwa muyezo mu 1942, ndipo ku Britain amayi a bungwe la Women's Institute anatsegula malo ophikira zipatso m'midzi kuti zokolola zisaonongeke.

Botolo lotseka lilinso ndi imfa yake. Kachilombo ka Clostridium botulinum kamakula pamene palibe mpweya ndiponso pamene asidi ndi wochepa, ndipo poizoni wake sanunkha kapena kuoneka. Mu 1919 anthu angapo ku America anafa atadya maolivi a m'mabotolo a kufakitale, zimene zinachititsa kuti malamulo akhwime. Akatswiri amaika malire pa pH 4.6: chakudya chowawasa kuposa pamenepo chingasungidwe pongowiritsa botolo m'madzi. Cranberry ali pansi kwambiri pa malirewo, pamene pear wakupsa amawayandikira. Choncho kuphatikiza ziwirizi si nkhani ya kukoma ndi mtundu wofiira wokha. Cranberry amabweretsa asidi woteteza, ndiponso pectin amene amalimbitsa phalalo popanda kuthira china chogula.

Amene mukufuna kuyesa, tengani makilogalamu 2 a pear wakupsa, musende ndi kuchotsa njere. Thiranipo cranberry wokwana magalamu 340, lomwe ndi thumba limodzi la ku America, madzi theka la kapu ndi madzi a ndimu imodzi. Phikani mpaka tizipatsoto titaphulika ndipo pear wafewa. Sefani kapena pondani, thirani shuga kapu imodzi ndi sinamoni pang'ono, kenako bwezerani pa moto wochepa osavindikira. Takasani pafupipafupi kwa maola awiri kapena atatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wapsa mukaika pang'ono pa mbale yozizira ndipo m'mbali mwake simukutuluka madzi. Wodya msanga musunge mufiriji kwa milungu iwiri, kapena muumitse mufiriza. Wosunga pashelefu athiridwe ali wotentha m'mabotolo oyera, mutseke, n'kuwiritsa mabotolowo m'madzi owamiza kwa mphindi 15. Inu a ku Johannesburg, Harare kapena Denver muonjezere mphindi 10, chifukwa kumalo okwera madzi amawira asanatenthe kwenikweni. Njira imeneyi musaiyesere pa maungu: alibe asidi wokwanira, ndipo a zaulimi ku America amaletsa kusunga batala wa maungu pashelefu.

Anthu amene anakula akufutsa masamba pa mphasa sakufunika kuuzidwa chifukwa chake ena ankachezera kutakasa mphika usiku wonse. Cranberry amasowa m'masitolo Januwale akangolowa, choncho amene akufuna kudzaphika pambuyo pake agule matumba awiri kapena atatu nyengo yake isanathe n'kuwaponya mufiriza momwemo. Amakhala chaka chathunthu osaonongeka.