Unga wa 1990: Kodi Alamulira Ndani?

Mu June 1990 boma la UNIP linakweza mtengo wa unga kuwirikiza kawiri. Ophunzira a pa UNZA anatuluka mumsewu, anthu a ku Kalingalinga ndi Mtendere anawatsatira, ndipo cipolowe cinafalikira m'makomboni a Lusaka. Anthu oposa 20 anafa. Pa 30 June, Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali atenga boma. Zinatha m'maola ocepa, koma anthu anali atavina kale m'misewu. A Kaunda anamva. Mu December lamulo la cipani cimodzi, limene linayamba mu 1972, linacotsedwa, ndipo pa 31 October 1991 MMD inapata mipando 125 mwa 150.

Akatswiri awiri a ku America angaione mosiyana nkhaniyi. Robert Dahl, m'buku lake la 1961, Who Governs?, anati mphamvu imagawikana pakati pa magulu ambiri opikisana. Kwathu anali ZCTU, machechi, maloya, ophunzira ndi amayi a pamsika. Palibe amene akanagwetsa UNIP yekha.

C. Wright Mills, mu The Power Elite ya 1956, anati zinthu zikuluzikulu zimagamulidwa ndi kagulu kocepa ka andale, eni makampani ndi akulu a asilikali. Iye akanatiuza kuti tiyang'ane amene anatsogolera MMD itabadwa ku Garden House Hotel mu July 1990. A Arthur Wina ndi a Vernon Mwaanga anali nduna za a Kaunda. A Michael Sata, amene analowa pambuyo pake, anali kazembe wa Lusaka mu UNIP, ndipo mu 2011 anakhala pulezidenti. Cipani cinasintha, koma nkhope zambiri zinali zomwezo. Migodi ya ZCCM itagulitsidwa, kumaliza mu 2000, wa ku George kapena Matero sanafunsidwe.

Onse awiri ali ndi mfundo. Komboni yasintha boma mu 1991, 2011 ndi 2021. Koma voti ndi ya tsiku limodzi, pamene bajeti, mapuloti ndi makontrakiti zimakambidwa tsiku lililonse m'maofesi. Madzi akadzaza ku Kanyama m'dzinja, kumbukirani kuti pali amene anasankha kumene ndalama za ngalande zipite. Inu acinyamata, kodi mumadziwa dzina la khansala wanu, ndi tsiku limene komiti ya citukuko ya wadi yanu imakumana? Yambirani pamenepo.