Momwe netiweki imakhudzira kukhutira kwa munthu ndi foni yodina pagalasi: nkhani ya iPhone ndi AT&T

Foni yodina pagalasi, yomwe ambiri amangoitcha ya tachi, ndi lamya ya m'manja imene mwini wake amaigwiritsa ntchito pokhudza galasi lake ndi chala m'malo modina mabatani. Ntchito zambiri za foni yotereyi, monga kuwerenga makalata, kutumiza zithunzi, kufufuza njira pamapu ndi kuonera kanema, zimatheka pokhapokha foniyo italumikizidwa ku intaneti. Munthu akakhala panjira, kulumikizanako kumadzera ku kampani yopereka netiweki. Pachifukwa ichi, munthu akamanena kuti foni yake ndi yabwino kapena yoipa, kawirikawiri amakhala akuweruza zinthu ziwiri nthawi imodzi: chipangizo chomwe chili m'manja mwake ndi kampani yomwe idamugulitsa simukhadi.

Chitsanzo chodziwika bwino pa nkhaniyi ndi zomwe zidachitika m'dziko la America pakati pa chaka cha 2007 ndi 2011, pomwe foni ya iPhone inkagwira ntchito pa netiweki ya kampani imodzi yokha ya AT&T.

Mgwirizano wa makampani awiri

Mkulu wa kampani ya Apple pa nthawiyo, malemu Steve Jobs, adaonetsa iPhone koyamba pa 9 Januwale 2007 mumzinda wa San Francisco, ndipo foniyi idayamba kugulitsidwa pa 29 Juni chaka chomwecho pa mtengo wa madola 499 ndi 599. Apple idagwirizana ndi kampani ya Cingular, yomwe m'chaka chomwecho idayamba kudziwika ndi dzina la AT&T, kuti ikhale yokhayo yopereka netiweki ya foniyi m'dzikolo. Aliyense wogula ankasayina mgwirizano wa zaka ziwiri, ndipo foniyo inkatsekedwa kuti isalandire simukhadi ya kampani ina.

iPhone yoyambayi inkagwiritsa ntchito njira yakale ya EDGE, osati 3G, choncho tsamba limodzi la pa intaneti linkatenga nthawi yaitali kuti litseguke. Jobs adafotokoza kuti zipangizo za 3G za nthawi imeneyo zinkatha batire msanga. Apa vuto lidali la foni yomwe, ngakhale ambiri ankaloza chala AT&T.

Zinthu zidasintha mu Julayi 2008 pomwe kudatuluka iPhone 3G, yomwe inkagulidwa pa madola 199 okha kwa wosayina mgwirizano wa zaka ziwiri. Sabata yomweyo Apple idatsegula App Store, komwe anthu ankatengako mapulogalamu osiyanasiyana oika m'foni. Mtengo utatsika, ogula adachuluka, ndipo aliyense ankalipira madola 30 pamwezi kuti agwiritse ntchito intaneti popanda malire. Eni foni za mabatani ankatsegula intaneti mwa apo ndi apo chifukwa kuwerenga pa kagalasi kakang'ono kunali kotopetsa, koma eni iPhone ankakhala pa intaneti tsiku lonse. Kumayambiriro kwa chaka cha 2010, AT&T idati kuchuluka kwa data yodutsa pa netiweki yake ya foni za m'manja kudakwera ndi maperesenti 5,000 m'zaka zitatu zokha.

Netiweki italemedwa

Madandaulo adafika pachimake m'chaka cha 2009. Makasitomala ankati foni zinkaduka munthu ali mkati molankhula, mauthenga ankafika mochedwa, ndipo intaneti inkaima ngakhale foni ikuonetsa kuti netiweki ilipo. Mu Malichi chaka chimenecho, netiweki idalephera kupirira mumzinda wa Austin, m'chigawo cha Texas, pomwe anthu zikwizikwi okhala ndi iPhone adasonkhana pa msonkhano wa South by Southwest, ndipo kampaniyo idachita kuwonjezera mphamvu ya netiweki mwadzidzidzi msonkhano uli mkati.

Padalinso ntchito zina zomwe foniyo inkatha kuchita koma kampani ya netiweki inali isadazilole. Mu Juni 2009 Apple idalengeza kuti iPhone itha kutumiza zithunzi kudzera pa MMS komanso kugawira kompyuta intaneti. Makasitomala a m'maiko ena adayamba kugwiritsa ntchito zimenezi mwezi womwewo, pomwe a AT&T adadikira mpaka pa 25 Sepitembala kuti alandire MMS, ndi mpaka Juni 2010 kuti aloledwe kugawira kompyuta intaneti. Foni idali imodzimodzi, koma phindu lake linkasiyana malinga ndi kampani.

Kampani yopikisana nayo ya Verizon idapezerapo mpata. Kumapeto kwa 2009 idayamba kuonetsa pa wailesi za kanema mapu awiri a dziko la America, ofananitsa madera ofikiridwa ndi 3G yake ndi ya AT&T. AT&T idakasuma kukhoti mu Novembala, ponena kuti mapuwo ankasokeretsa anthu, koma idachotsa mlanduwo mwezi wotsatira. Mu Disembala, mkulu woyang'anira za foni za m'manja ku AT&T, Ralph de la Vega, adavomera poyera kuti ntchito za kampaniyo ku Manhattan, mumzinda wa New York, ndi ku San Francisco sizinkafika pa mlingo woyenera. Iye adatinso anthu atatu mwa 100 alionse okhala ndi foni zamakono ndi omwe ankatha magawo 40 mwa 100 a data yonse. Mwezi womwewo kampaniyo idatulutsa pulogalamu yotchedwa Mark the Spot, yoti kasitomala azidziwitsira kampani malo enieni pomwe foni yadukira.

Vutoli silidali la ku America kokha. Ku Britain, kampani ya O2 ndiyo yokha inkagulitsa iPhone kuyambira mu Novembala 2007 mpaka kumapeto kwa 2009, ndipo mu Disembala 2009 mkulu wake, Ronan Dunne, adapepesa makasitomala a mumzinda wa London kamba ka kusayenda bwino kwa netiweki.

Chodabwitsa n'chakuti anthu sadasiye kuikonda foniyo. Pa kafukufuku yemwe bungwe loteteza ogula la Consumer Reports lidatulutsa mu Disembala 2009, AT&T idakhala kumapeto pa makampani akuluakulu a netiweki, koma eni iPhone 98 mwa 100 alionse adati akadagulanso foni yomweyo. Izi zikusonyeza kuti ogula ambiri adaphunzira kusiyanitsa chipangizo ndi kampani, ndipo mkwiyo wawo ankaupereka kwa amene ankamuona kuti ndiye gwero la vuto. Komabe, munthu wofuna iPhone adalibe kwina kothawira, choncho ankalipira mwezi ndi mwezi uku akunyinyirika.

Zimene zimachitika pa nsanja

Kuti timvetse chifukwa chake foni yabwino imaoneka yofooka, tiyenera kuyang'ana momwe netiweki imagwirira ntchito. Foni iliyonse imalankhula ndi nsanja yoyandikana nayo kudzera m'mafunde a wailesi. Nsanja imodzi imakhala ndi mphamvu yokhala ndi malire, ndipo mphamvuyo imagawidwa kwa onse omwe akuigwiritsa ntchito pa nthawiyo. N'chimodzimodzi mjigo wa m'mudzi: madzi ali bwinobwino, koma akachuluka otunga, aliyense amadikira pamzere. N'chifukwa chake intaneti imathamanga usiku ndi kuchedwa masana m'matauni, kapena kufooka pabwalo la masewero pakakhala khamu.

Timizere tomwe timaoneka pamwamba pa galasi timangosonyeza kukula kwa mafunde ochokera ku nsanja. Sitinena kuti pa nsanjapo pali anthu angati. Munthu atha kukhala ndi timizere tonse koma n'kulephera kutsegula tsamba limodzi. Kuwonjezera apo, nsanja iliyonse imalumikizidwa ku likulu la kampani kudzera m'mawaya kapena m'mafunde ena. Nsanja zambiri za ku America pa nthawiyo zinkadalira mawaya akale a kopa, omwe adaikidwa poganizira mawu osati kanema, ndipo kuwasintha kuti pakhale mawaya a faiba idali ntchito ya zaka zingapo.

Mtundu wa mafunde nawo uli ndi gawo lake. Mafunde a 850 MHz amafika patali ndi kulowa m'nyumba mosavuta kusiyana ndi a 1900 MHz, ndipo njira imodzi yomwe AT&T idatsata m'chaka cha 2009 idali yosamutsira 3G ku mafunde a 850 MHz m'mizinda ikuluikulu. Kumanga nsanja zatsopano sikunali kophweka, makamaka ku San Francisco, komwe chilolezo chomangira nsanja chinkatenga nthawi yaitali.

Netiweki yofooka imathanso batire. Foni ikakhala kutali ndi nsanja imawonjezera mphamvu yotumizira mafunde ndipo imangokhalira kufunafuna nsanja ina. Mwini wake amaona batire ikutha pofika masana ndi foni ikutentha, n'kuganiza kuti adagula foni yachinyengo, chonsecho vuto lili pa mtunda wa pakati pa nyumba yake ndi nsanja.

Pomwe foni ndiyo idalakwa

Sikuti nthawi zonse kampani ya netiweki ndiyo imakhala yolakwa. Pa 7 Juni 2010, Jobs akuonetsa iPhone 4 kwa anthu ku San Francisco, tsamba la intaneti lidakana kutseguka. Atafunsa ngati pali wina wodziwa chochita, munthu wina m'khamulo adafuula dzina la Verizon ndipo anthu adaseka. Koma foniyo pa nthawiyo idali pa Wi-Fi ya m'chipindamo, yomwe idasokonezeka ndi kuchuluka kwa zipangizo za omvera. AT&T idanyozedwa pa mlandu womwe sudali wake. Mbiri ikaipa, zolakwa za ena zimagweranso pa iwe.

Foniyi itayamba kugulitsidwa pa 24 Juni, ogula adazindikira kuti akaigwira pa ngodya ya m'munsi chakumanzere, timizere ta netiweki tinkatsika. Chifukwa chake chidali chakuti eriyo ya foniyo idali chitsulo chozungulira m'mbali mwake, ndipo dzanja likaphimba kampata kolekanitsa zigawo za chitsulocho, mafunde ankafooka. Pa 2 Julayi, Apple idavomera kuti njira yake yowerengera timizere idali yolakwika kuyambira pa iPhone yoyamba, moti nthawi zina foni inkaonetsa timizere tinayi pomwe payenera kukhala tiwiri. Patapita masiku 10, Consumer Reports idati siingalimbikitse anthu kugula foniyo. Pa 16 Julayi, Jobs adaitanitsa atolankhani ndi kulengeza kuti aliyense wogula alandira kava yaulere yotchinga chitsulocho.

Nkhaniyi idaonetsa momwe zolakwa ziwiri zimakumanirana. Kumene netiweki idali yamphamvu, kufooka kwa eriyo sikunkadziwika n'komwe. Kumene idali kale yofooka, kugwira foni mwanjira inayake kunali kokwanira kudula kulankhulana.

Mgwirizano utatha

Mu Juni 2010, AT&T idasiya kugulitsa intaneti yopanda malire kwa makasitomala atsopano, ndipo idaika mitengo ya madola 15 pa 200MB ndi madola 25 pa 2GB. Pa 10 Febuluwale 2011, Verizon idayamba kugulitsa iPhone 4, ndipo apa ndi pomwe mgwirizano wa kampani imodzi udathera. Koma osamukira ku Verizon adapezanso zawo: netiweki yake ya CDMA sinkalola munthu kulankhula pafoni ndi kugwiritsa ntchito intaneti nthawi imodzi, zomwe zinkatheka pa 3G ya AT&T.

Nkhani ya intaneti yopanda malire idafika kukhoti pambuyo pake. M'chaka cha 2014 bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission lidasumira AT&T ponena kuti inkachepetsa liwiro la intaneti kwa makasitomala akale omwe ankalipira yopanda malire, popanda kuwauza momveka bwino. Mu 2019 kampaniyo idavomera kupereka madola 60 miliyoni kuti nkhaniyo ithe.

Mphamvu ya kampani pa moyo wa foni idaonekanso pomwe AT&T idazimitsa netiweki ya 2G kumayambiriro kwa 2017 ndi ya 3G mu Febuluwale 2022. Foni zomwe zinkadalira njira zimenezi zidaleka kuimba pa netiwekiyo ngakhale zidali zisadawonongeke paliponse.

Kuno ku Malawi

Zinthu kwathu kuno n'zosiyanako, chifukwa anthu ambiri amagula foni paokha, simukhadi payokha, n'kumalipiriratu mayunitsi ndi mabandulo ku TNM kapena ku Airtel. Foni zambiri zimalowa masimukhadi awiri, choncho munthu samangidwa ku kampani imodzi monga adalili anthu a ku America aja. Izi zimaperekanso njira yosavuta yodziwira gwero la vuto: kuyesa simukhadi ya kampani ina m'foni yomweyo, pamalo omwewo ndi pa nthawi yomweyo. Vuto likatha, foni ilibe mlandu. Kuzima kwa magetsi, kusowa kwa mafuta a majenereta a pa nsanja ndi kuduka kwa mawaya a faiba nazo zimafooketsa netiweki popanda chilichonse cholakwika m'foni.

Nkhani ya ku America imatikhudza kwambiri pa foni zakale zochokera kunja. Ina imabwera idakali yotsekedwa ku kampani yomwe idaigulitsa koyamba, ina siigwira mafunde onse omwe makampani akuno amagwiritsa ntchito, ndipo iPhone 4 ya Verizon idalibe n'komwe polowetsa simukhadi. Wogula ayenera kuikamo simukhadi yake, kuimba ndi kutsegula intaneti asadapereke ndalama. Madandaulo okhudza netiweki amayamba kuperekedwa ku kampani yokhudzidwayo, ndipo ngati sadathetsedwe amapita ku bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la chaka cha 1998 kuti liziyang'anira ntchito za makampaniwa.