Phoso la ku Joni ndi Funso la Kubwezera Thupi Zimene Lataya

Anthu ofuna kuchepetsa thupi masiku ano ali ndi funso limene sagwirizana yankho lake. Munthu akathamanga kapena kunyamula zitsulo, wotchi ya pamkono n'kumuuza kuti wawotcha makalori 400, kodi ayenera kuwonjezera chakudya cholingana ndi nambalayo, kapena angodya monga mwa masiku onse? Funsoli likumveka lachilendo, koma ku East Rand, dera limene kuyambira mu 2000 limatchedwa Ekurhuleni, linafunsidwa kalekale, ndipo matupi amene ankayeserapo yankho anali a agogo athu. Ofunsa nthawi imeneyo anali eni migodi, ndipo chimene ankaopa chinali chakuti munthu angaonde, n'kulephera kutsikanso pansi m'mawa mwake.

Migodi ya golide inandanda kuchokera ku Germiston, kudzera ku Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs, mpaka ku Nigel. Waukulu ndi wotchuka unali East Rand Proprietary Mines wa ku Boksburg, umene unakhazikitsidwa mu 1893 ndipo unakumbidwa mpaka kuya kopitirira makilomita atatu ndi theka. Antchito ochokera kwathu ankabwera kudzera ku bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene pakamwa pathu linasanduka Wenela, monga mmene Johannesburg inasandukira Joni. Mawu ena a m'moyo umenewo tikali nawo. Malo ogona antchito otchingidwa ndi mpanda ndi amene anabala mawu akuti komboni, omwe ku Lusaka lero amatanthauza dera lililonse la anthu wamba. Chakudya chogawidwa ndi bwana chinali phoso. Mawu amenewa ndi ofunika kuwamvetsa, chifukwa phoso si chakudya chimene munthu amadya mpaka kukhuta. Ndi muyezo umene wina waika atawerengera ntchito imene akufuna kwa iwe.

M'zaka zoyambirira muyezowo unali woipa. Ufa wa chimanga unalipo, koma ndiwo zinali zochepa, ndipo matenda a scurvy, otupitsa nkhama ndi kufooketsa miyendo chifukwa chosowa vitamini C, anali ofala m'makomboni. Anthu ochokera kumadera otentha a kumpoto ankafa ndi chibayo mochuluka kwambiri, kotero kuti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba antchito kumpoto kwa mzere wa madigiri 22. Lamulolo linakhudza Nyasaland, Northern Rhodesia ndi chigawo cha Tete, ndipo linachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Chaka chomwecho cha 1913 eni migodi anaitana William Gorgas, dokotala amene anathetsa miliri pa ntchito yokumba ngalande ya Panama, kuti adzaone chimene chinkapha anthu. Mnzake, A. J. Orenstein, anakhala mkulu wa zaumoyo ku kampani ya Rand Mines kuyambira mu 1914. Malamulo otsatira Native Labour Regulation Act ya 1911 anaika phoso locheperapo limene mgodi unayenera kupereka, ndipo m'kupita kwa nthawi mndandanda wake unakhala ndi ufa, buledi, nyemba, mtedza, nyama ndi masamba.

Kuwerengera kotereku kunatheka chifukwa cha ntchito ya Wilbur Atwater wa ku America, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anapeza kuti galamu limodzi la zakudya zokhutitsa monga ufa, kapena la zomanga thupi, limapereka makalori pafupifupi 4, pamene la mafuta limapereka 9. Iye ankafuna kudziwa chakudya chotsika mtengo chimene chingasunge mphamvu za wantchito. Kalori inakhala chida cha ofuna kuonda pambuyo pake, makamaka dokotala Lulu Hunt Peters atatulutsa buku lake la Diet and Health mu 1918. Choncho pamene azimayi olemera a ku America ankaphunzira kuchotsera, akalaliki a m'makomboni a ku Benoni ankagwiritsa ntchito masamu omwewo powonjezera, koma mosapitiriza ndi kobiri limodzi.

Sikelo inali paliponse m'moyo wa wamgodi. Ankamuyeza pofika, n'kumamuyezabe nthawi ndi nthawi, chifukwa kutsika kwa sikelo chinali chizindikiro cha chifuwa chachikulu, ndipo wopezeka nacho ankabwezedwa kumudzi. Ambiri ankatsika pansi mbandakucha atadya pang'ono kapena osadya n'komwe, n'kudzalandira chakudya chachikulu atatuluka, pamodzi ndi mahewu, achibale ake a thobwa lathu. Kwa munthu wofosholo miyala maola asanu ndi atatu m'malo otentha, kubwezera thupi zonse zimene lataya inali nkhani ya moyo. Pamene chakudya chinasowa m'dzikomo mu 1945 ndi 1946, phoso n'kuchepetsedwa, nyama yaiwisi n'kulowedwa m'malo ndi ya m'zitini, antchito anaukira pa mgodi wa Modderfontein East. Pa 12 August 1946 bungwe la African Mine Workers' Union, motsogozedwa ndi J. B. Marks, linayamba sitiraka ya anthu opitirira 60,000, kufuna malipiro a mashilingi 10 patsiku ndi chakudya chokwanira. Apolisi anawombera anthu pa mgodi wa Sub Nigel, ndipo m'sabata imeneyo anaphedwa antchito osachepera 9.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'mbiri imeneyi ndi zipinda zozoloweretsa thupi kutentha. Cha m'ma 1960 ofufuza a Chamber of Mines, motsogozedwa ndi Cyril Wyndham, anakonza njira yoti wantchito watsopano aziikidwa m'chipinda chotentha ndi chachinyezi, ali pafupifupi maliseche, n'kumakwera ndi kutsika pa chipika maola anayi patsiku, kwa masiku angapo, motsatira kugunda kwa nthawi. Ankamuyeza kutentha kwa thupi, ndipo ofufuzawo ankadziwa mpweya umene munthu amagwiritsa ntchito pa liwiro lililonse, umene ndiwo muyezo weniweni wa makalori owotchedwa. Aliyense amene analowapo m'nyumba zolimbitsira thupi za ku Kempton Park kapena Boksburg waona anthu akukwera ndi kutsika pa chipika chonga chomwecho, atalipira okha ndalama. Amalawi ochuluka anadutsa m'zipinda zimenezo, pakuti pofika mu 1973 analipo opitirira 100,000 m'migodi ya South Africa. Chiwerengerocho chinagwa ndege ya Wenela itagwa ku Francistown pa 4 April 1974 n'kupha Amalawi 74, Dr. Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu. Zambia inali itatseka kale khomo la Wenela itangolandira ufulu.

Nanga mdzukulu wa wamgodi, amene lero amakhala pa mpando wa galimoto kapena kuseri kwa kauntala tsiku lonse ku Tembisa kapena ku Katlehong, n'kuyenda mofulumira mphindi 45 madzulo, atengepo chiyani? Maganizo anga ndi akuti asatengere lamulo la agogo ake, chifukwa ntchito zawo n'zosiyana kutali. Munthu wa makilogalamu 70 akayenda makilomita asanu amawotcha makalori osapitirira 300, ndipo ena mwa amenewo akanawotchedwabe ngakhale akanakhala pansi. Magalamu 100 a ufa wosaphika ali ndi makalori pafupifupi 360. Kota imodzi, buledi wobooledwa uja wodzaza tchipisi ndi soseji amene amagulitsidwa pa ngodya iliyonse ya East Rand, imafafaniza ulendo wonsewo n'kusiya zotsala. Kuti kilogalamu imodzi ya mafuta ichoke pamafunika kupereweza makalori pafupifupi 7,700.

Nambala ya pa wotchi nayonso si yoidalira. Mu 2017 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anayesa zipangizo zisanu ndi ziwiri zovala pamkono, ndipo ngakhale chabwino koposa chinkaphonya makalori ndi maperesenti 27, pamene choipitsitsa chinkaphonya ndi 93. Thupi nalonso limabweza mwakachetechete. Herman Pontzer ndi anzake anapeza mu 2012 kuti Ahadza a ku Tanzania, alenje amene amayenda mitunda italiitali tsiku ndi tsiku, amawotcha makalori ofanana ndi a anthu a ku Ulaya ndi America a msinkhu womwewo. Kafukufuku wina wa mu 2021, wa anthu opitirira 1,700, anasonyeza kuti pafupifupi maperesenti 28 a mphamvu yowotchedwa pochita zolimbitsa thupi amabwezedwa ndi thupi lenilenilo pochepetsa zimene limawononga munthu akapuma. Wofuna kuonda akadya nambala yonse ya pa wotchi, ndiye kuti wadya mopitirira zimene anataya. Kubwezera theka lake, kapena osabwezera konse pa tsiku la ntchito yopepuka, n'kwanzeru.

Komabe ambiri mwa anthu athu ku Ekurhuleni sali pa mpando. Ali pa zomangamanga, m'madimba a eni nyumba, m'nyumba zosungira katundu zozungulira bwalo la ndege la O. R. Tambo, akunyamula ndi kukumba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Munthu wotere akamafuna kuchepetsa mimba, ali pafupi ndi wamgodi uja kuposa wa muofesi, ndipo kudula nsima kwambiri kumamubweretsera chizungulire, kusagona ndi kufooka pa ntchito yoopsa. Iye achotse zakumwa za shuga ndi mowa wa Loweruka, koma nyemba, mazira ndi masamba azisiye m'mbale. Amene ali ndi matenda a shuga ndipo akumwa mankhwala ayambe wakambirana ndi achipatala.

Chilankhulo chathu chikali kumbali ya agogo. Wobwera kuchokera ku Joni akauzidwa kuti "mwanenepatu", wayamikiridwa, ndipo kuonda kunanyamula manyazi aakulu m'zaka zimene Edzi inkatchedwa kaliwondewonde. Ngakhale kulemba Amalawi ntchito za m'migodi, kumene kunayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Teba, kunathera pa mkangano wa kuyeza magazi mu 1988. Mgodi wa ku Boksburg unaleka kukumba pansi mu 2008, ndipo milu yachikasu ya mchenga imene agogo athu anatulutsa ikugumulidwa ndi madzi, kupita ku fakitale ya Ergo ku Brakpan kuti akasefemo golide wotsala.