Macro

Mawuwa ndi chidule cha macroinstruction, ndipo gwero lake ndi mawu a Chigiriki akuti makros, kutanthauza chachitali. Kwa olemba mapulogalamu a kompyuta, macro ndi kalangizo kakafupi kamene kamatambasuka n'kukhala mizere yambiri ya code pulogalamu isanayambe n'komwe kuyenda. Kusiyana kwake ndi function n'komweku: function imagwira ntchito pulogalamu ili mkati moyenda, pomwe macro imalemberatu code m'malo mwanu.

Phindu lake limaoneka bwino pa mafulakishoni m'chinenero cha Rust. Masamu enieniwo savuta: 1/2 kuphatikiza 1/3, mwachulukitsa mopingasa, 3 ndi 2 pamwamba, 6 pansi, yankho 5/6. Chotopetsa n'chakuti Rust imasiyanitsa fulakishoni yeniyeniyo ndi chongoilozera, chija amalemba ndi chizindikiro cha &. Ndiye a + b, &a + b, a + &b ndi &a + &b, chilichonse chimafuna code yakeyake. Mukaonjezapo kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa, zigawo zakwana 16, zongosiyana pang'onong'ono. Wokopera pamanja sachedwa kusiya + pamene pamafunika −, ndipo kompyuta siidandaula, imangopereka yankho lolakwika.

Ndi macro_rules!, njira ya Rust yolembera macro, mumalemba masamu anayiwo kamodzi, zotsalazo 12 macro n'kukulemberani. Ngakhale laibulale ya Rust yeniyeniyo ili ndi macro yotere, forward_ref_binop.

Koma macro ikalakwika, uthenga wa compiler, pulogalamu yomasulira code, umazunguza mutu, chifukwa umanena za code imene maso anu sanaione. Zinthu zikamangobwerezeka kawiri, bola kungozilemba pamanja.