Madzi a laimu

Madzi a laimu ndi madzi amene muli mchere wa kashiamu ndi maginiziyamu wambiri. Amadziwika chifukwa sopo sachita thovu msanga, ndipo akawira amasiya zoyera zolimba pansi pa ketulo, mu sefuliya ndi m'mapaipi. Anthu ambiri amawasokoneza ndi madzi a mchere ngati a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje, koma a laimu nthawi zambiri samveka mchere pakamwa.

Gwero lake

Madzi a mvula alibe laimu. Akalowa pansi amasungunula miyala pang'onopang'ono, n'chifukwa chake madzi a pamjigo ndi pachitsime amakonda kukhala ndi laimu kuposa a mumtsinje. Miyala ya laimu ilipo m'chigawo cha kummwera, monga ku Chenkumbi m'boma la Balaka ndi ku Changalume ku Zomba. Pa muyeso wodziwika, madzi okhala ndi mamiligalamu osafika 60 a laimu pa lita amatengedwa kuti ndi opepuka, ndipo opitirira 180 ndi a laimu wambiri zedi.

Nkhaniyi pa Zalewa

Zalewa, m'boma la Neno, ali m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira pa M1. M'malo otere mayi amene waona sopo akutha msanga pamjigo savutika kuganiza zopita kumtsinje. Kuchapira madzi a mu Shire kumasungadi sopo, koma kumwa osathira mankhwala n'kuika moyo pachiswe: amatha kufalitsa kolera, monga pa mliri wa 2022 ndi 2023, osanenanso za ng'ona ndi likodzo. Bungwe la WHO silinaike malire a laimu pa zifukwa za umoyo. Zoyera za mu ketulo zimanyansa m'maso, koma si poizoni.

Kuchotsa zoyerazo

Laimu amasungunuka ndi zinthu zowawasa. Amathira viniga wosakaniza ndi madzi theka ndi theka, kapena madzi a mandimu, n'kutenthetsa, kusiya kwa ola limodzi, kenako kutsukuluza bwino. Pampopi amakulungapo kansalu konyika mu viniga. Kupala ndi mpeni kumangowononga chiwiya. Mu ketulo ya magetsi ndi mu giza, laimu akachuluka pa chotenthetsera madzi amachedwa kuwira ndipo chimatha kupsa.

Viniga asasakanizidwe ndi Jik kapena klorini wina aliyense, chifukwa pamatuluka mpweya woopsa m'mapapo.

Kuwiritsa madzi n'kuwasiya kuti adikhe kumachotsako laimu wina, koma osati yense. Pochapa, sopo waufa amagwira bwino kuposa wamtanda, ndipo madzi a mvula okinga padenga la malata ndiwo amachita thovu koposa onse.