Chikumbutso Chochedwa cha Anyamata a Ndege za Mabomba

M'masiku a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dzuwa likapendeka ku zidikha za Lincolnshire m'dziko la Mangalande, anyamata asanu ndi awiri ankakwera m'ndege iliyonse ya mtundu wa Lancaster, yense ndi udindo wake: woyendetsa, wolozera njira, woyang'anira injini, woponya mabomba, wa wayilesi, ndi awiri ogwira mfuti, wina pamsana pa ndege, wina kumchira, kumene ankachezera yekhayekha m'chisanu chogwira mpaka m'mafupa. Onse anali odzipereka okha, ndipo ambiri anali atangopitirira pang'ono zaka 20. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka m'gulu la Bomber Command, 55,573 anataya moyo. Ndipo usiku umodzi wokha, wa pa 30 Malichi 1944, paulendo wa ku Nuremberg, ndege 95 sizinabwerere, kotero kuti kutacha mabedi ambiri anali chiyalire, eni ake osaoneka.

Munthu akanayesa kuti nkhondo ikadzatha mayina awo ndiwo adzayambe kutchulidwa, koma sikunatero ayi. Mabomba amene anatumidwa kukaponya anagwera m'mizinda ya anthu wamba, monga Hamburg mu 1943 ndi Dresden mu Febuluwale 1945, kumene anthu okwana ngati 25,000 anaferatu, amayi ndi makanda omwe; ndipo akuluakulu amene analamula zimenezi anayamba kuchita nazo manyazi. Polankhula kwa mtundu wake za chigonjetso mu Meyi 1945, nduna yaikulu Winston Churchill anatamanda magulu ena a nkhondo, gulu ili nalilumpha, ndipo ngakhale mendulo yapadera ya ntchito yawo sinaperekedwe. Ine ndimaona kuti apa panali kusalungama kwakukulu, pakuti wotuma anasamba m'manja monga Pilato, mlandu nausiya pamutu pa otumidwa, amene ochuluka a iwo anali atagona kale m'manda a ku Germany ndi Holland, kosatha kudziyankhira.

Mu 1953 Mfumukazi Elizabeth II anatsegula chipilala cha ku Runnymede, polembedwa mayina oposa 20,000 a ankhondo a m'mlengalenga amene manda awo sadziwika. Koma icho chinali cha magulu onse pamodzi. Mu 1992, pamene anaimika mu London chifanizo cha mtsogoleri wa Bomber Command, Arthur Harris, yemwe paunyamata wake anakhalako ku Rhodesia, anthu ena anakuwiza mwambowo, ndipo pambuyo pake chifanizocho anachithira penti. Akulu adati mlandu suwola.

Tsiku la anyamata a Bomber Command linadza pa 28 Juni 2012, patapita zaka 67 chithere nkhondo, otsala ochepawo ali nkhalamba zoyendera ndodo, pamene Mfumukazi yomweyo inavundukula chikumbutso chawo ku Green Park mu London. M'menemo mwaima zifanizo zisanu ndi ziwiri zamkuwa, zoumbidwa ndi Philip Jackson, zosonyeza anyamata ongotsika kumene m'ndege, nkhope zili zolema, mmodzi ataphimba dzanja pamphumi kuyang'ana kumwamba monga woyembekezera anzake amene sanafike. Chimene chimandikhudza mtima koposa ndi denga lake, pakuti mbali ina inapangidwa ndi chitsulo cha ndege ya Halifax imene inagwetsedwa ku Belgium mu Meyi 1944, nikhala m'dambo kufikira 1997, pamene anaifukula napezamo mitembo ya anyamata atatu, amene anaikidwa mwaulemu patapita zaka 53. Patsiku la mwambolo ndege ya Lancaster inauluka pamwamba pa khamulo ikuwaza maluwa ofiira. Ndipo popeza maliro n'kulirana, pakhoma panalembedwanso mawu okumbukira anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba m'zaka zimenezo, a ku Dresden osasiyidwa.

Chaka chotsatira boma linapereka kachizindikiro kovala pamodzi ndi mendulo, ambiri oyenera kukalandira atatsikira kale kulichete. Mu 2018 ku Lincoln, paphiri loyang'anana ndi tchalitchi chachikulu chimene anyamatawo ankazindikira nacho kuti afika kwawo, anatsegula malo ena achikumbutso, pamene pali nsanja yotalika mamita 31, muyeso wa mapiko a Lancaster, yozingidwa ndi makoma achitsulo olembedwa mayina pafupifupi 58,000, opanda udindo kapena ulemu uliwonse pambali pake.