Kasisi, ntchentche za pa mango ndi kromozomu 21

Ambiri a ife timadziwa Kasisi ngati mishoni ya kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, m'boma la Chongwe. Ena tinaphunzira komweko, ena tinangopitako ndi kwaya kapena ndi gulu la achinyamata a kutchalitchi kukacheza ndi ana. Mishoniyi inayambitsidwa mu 1905 ndi wansembe wa chiJesuit wochokera ku France, Jules Torrend. Nyumba ya ana amasiye inatsegulidwa mu 1926, ndipo mu 1928 kunafika masisitere a ku Poland a Little Servants of Mary Immaculate, omwe akuiyang'anira mpaka lero.

Taganizirani zaka zimenezo. Mwana akabadwa ndi thupi lofewa, maso opendekera m'mwamba, kenako n'kuchedwa kukhala, kuyenda ndi kulankhula, panalibe dokotala, kaya kuno kaya ku London, amene akanatha kufotokoza chifukwa chake. Kumudzi mayankho analipo: wina walodza, mayi anadumpha mwambo ali ndi pakati, makolo akufuna kulemera ndi mwanayo. Mayankho omwewa timawamvabe m'makomboni athu, ndipo amene amasenza mlandu nthawi zambiri ndi mayi. Ndi chifukwa chake tikufuna kutsata mbiri ya momwe yankho lenileni linapezekera.

Mu 1866 dokotala wa ku England, John Langdon Down, amene ankagwira ntchito pa Earlswood, anafotokoza bwino maonekedwe a ana otere. Anaona molondola koma anatanthauzira molakwika. Iye anawayerekeza ndi anthu a ku Mongolia potsata maganizo a tsankho a nthawi yake, ndipo dzina lachipongwelo linamamatira kwa zaka pafupifupi 100, mpaka bungwe la WHO linalisiya mu 1965. Lero timati Down syndrome.

Chifukwa chake chinabisala m'kati mwa selo. M'maselo a thupi lathu muli timitolo totchedwa makromozomu, ndipo m'timitolomo muli majini. Apa sitikunena majini a mizimu ayi, koma malangizo amene thupi limawerenga popanga mapuloteni. Kwa zaka zambiri mabuku ankati munthu ali ndi makromozomu 48. Mu 1956, ku Lund m'dziko la Sweden, Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anawerenga bwino n'kupeza 46, awiriawiri: 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo. Patangopita zaka zitatu, mu 1959 ku Paris, Marthe Gautier, Jérôme Lejeune ndi Raymond Turpin anapeza kuti ana a Down syndrome ali ndi 47. Kromozomu yomwe inadzatchedwa nambala 21 imakhala itatu m'malo mwa iwiri. Kwa nthawi yaitali dzina lomwe linkamveka ndi la Lejeune yekha, ndipo Gautier, mayi amene analera maselowo mu labu, anadzalemba mbali yake ya nkhaniyi mu 2009.

Komabe funso linatsala. Pa kromozomu 21 pali majini opitirira 200. Ndi ati mwa iwo amene amasintha kakulidwe ka ubongo, ndipo amatero bwanji?

Mbali ina ya yankho inachokera kwa anthu omwe sankafufuza za ubongo n'komwe. Cha mu 1955, ku Seattle m'dziko la America, Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ankafufuza momwe minofu ya kalulu imatulutsira shuga wosungidwa. Anapeza kuti puloteni ikhoza kuyatsidwa kapena kuzimitsidwa pongoimata kachidutswa kotchedwa fosifeti, kochokera ku ATP, yomwe ndi mafuta a selo. Enzayimu imene imagwira ntchito yomata imeneyi ndiyo kinase. Tinganene kuti ndi dzanja lomwe limadina switchi. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1992, ndipo lero tikudziwa kuti munthu ali ndi ma kinase opitirira 500.

Kenako panabwera ntchentche. Mukudziwa tintchentche ting'onoting'ono tomwe timazungulira mango owola pa msika mu Disembala? Asayansi akhala akutiweta m'mabotolo kwa zaka zoposa 100, chifukwa timaswana msanga ndipo majini ake ambiri amafanana ndi athu. Mu 1995 Francisco Tejedor ndi anzake, akugwira ntchito ku Germany, anafalitsa zomwe anapeza pa ntchentche zobadwa ndi ubongo waung'ono. Jini yowonongeka mwa ntchentchezo inali ndi dzina lakuti minibrain, kutanthauza kaubongo kakang'ono, ndipo inapezeka kuti imapanga kinase. Chaka chotsatira, mu 1996, magulu angapo a ofufuza anapeza mnzake wa jini imeneyi mwa munthu. Anaipeza itakhala pa kromozomu 21. Dzina lake ndi DYRK1A.

Ntchito yake ndi iyi. Mwana ali m'mimba, ubongo wake umayamba ndi maselo ochepa amene amagawikana mobwerezabwereza kuti achuluke. Pa nthawi yoyenera ayenera kusiya kugawikana n'kukhwima kukhala maselo a ubongo enieni, otambasula nthambi zawo kuti alumikizane ndi anzawo. DYRK1A ndi imodzi mwa ma kinase amene amauza selo kuti, basi, siya kugawikana, yamba kukhwima.

Apa nkhani yonse ndi muyeso, ngati mchere mu ndiwo. Munthu wa makope awiri a jiniyi amapanga kinase yokwanira. Mwana wa Down syndrome ali ndi makope atatu, choncho amapanga yochuluka ndi pafupifupi theka lina. Kafukufuku wa pa mbewa za mu labu akusonyeza kuti ikachuluka chonchi maselo amasiya kugawikana nthawi isanakwane, ndipo kalumikizidwe kawo kamasintha. Ikachepa nakonso ndi vuto. Mu 2008 madokotala anafotokoza za ana omwe kope limodzi la DYRK1A linawonongeka. Ana otere amakhala ndi mutu waung'ono, amavutika kuyamwa ndi kudya, amachedwa kwambiri kulankhula, ndipo ambiri amadwala khunyu. Matendawa tsopano amatchedwa DYRK1A syndrome.

Kinase yomweyi imaonekeranso pa ukalamba. Imamata fosifeti pa puloteni yotchedwa tau, imene imapotana m'maselo a ubongo wa odwala Alzheimer, matenda oiwalaiwala aja amene kwathu kuno amachititsa kuti agogo ena azitchedwa mfiti. Anthu a Down syndrome amayamba msanga matendawa, makamaka chifukwa cha jini ina ya pa kromozomu 21 yotchedwa APP, ndipo ofufuza akuona kuti DYRK1A imathandizira nawo. Tisaiwale kuti DYRK1A ndi jini imodzi pakati pa mazana awiri, siyiyankha mafunso onse.

Kodi pali mankhwala ochepetsa mphamvu ya kinaseyi? Anthu ayesa. Ku Barcelona, Mara Dierssen ndi Rafael de la Torre anayesa EGCG, chinthu chopezeka mu tiyi wobiriwira, pa achinyamata oposa 80 a Down syndrome, pamodzi ndi maphunziro olimbitsa nzeru. Zotsatira za mu 2016 zinasonyeza kusintha kochepa pa mayeso owerengeka chabe. Choncho wina akakugulitsani timabotolo pa Facebook kapena pa WhatsApp n'kumati tichiritsa mwana, sungani ndalama zanu. EGCG yochuluka ikhozanso kuwononga chiwindi.

Chomwe chasintha miyoyo mpaka pano ndi chisamaliro. Pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo ambiri amafunika kupimidwa makutu, maso ndi chithokomiro. Kumaiko komwe zimenezi zimachitika msanga, ndipo ana amapita kusukulu m'malo mobisidwa, anthuwa tsopano amafika zaka pafupifupi 60, pamene ku America mu 1983 ankafika zaka pafupifupi 25 zokha. Kuno kwathu tili ndi lamulo la anthu olumala la mu 2012, ndipo tsiku la 21 Malichi, la 21 m'mwezi wachitatu, dziko lonse limakumbukira kromozomu 21 itatu ija.

Padziko lonse mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa ndi Down syndrome, m'mitundu yonse, kwa olemera ndi osauka. Kromozomu yowonjezerayo nthawi zambiri imalowa dzira kapena umuna ukamapangidwa, mimba isanayambe n'komwe. Mwayi wake umakwera mayi akamakula, koma ana ambiri otere amabadwa kwa amayi achitsikana, a msinkhu wathu. Palibe chakudya, mwambo kapena tchimo la mayi limene limaiyika pamenepo.

Masisitere a ku Kasisi anayamba kulera ana mu zaka zomwe mabuku ankawerengabe makromozomu 48, ndipo sanadikire sayansi kuti adziwe kuti mwana aliyense amafunika phala, bulangeti ndi munthu womunyamula. Ife tili ndi zomwe iwo analibe, chifukwa tikudziwa nambala ya kromozomuyo ndi dzina la kinaseyo. Ndiye mlongo wathu kapena mlamu wathu akabwera kuchokera kuchipatala ndi mwana wotere, achibale n'kuyamba kunong'onezana za kwa sing'anga, tikhale pansi ndi ambuya ndi amalume mwaulemu, tiwafotokozere za 46 ndi 47, kenako timuperekeze mayiyo kukapimitsa mtima wa mwana.